Mapinwheel sakukumana pakati, nsalu yachepa: yankho kwa mayi wina

Mayi wina wandilembera imelo. Mchemwali wawo anawatumizira patani ya pulasitiki yotchedwa Lil' Twister, imene amaika pa nsalu n'kudula motsatira m'mphepete mwake, ndipo mayiwo akufuna kusoka chofunda cha mwana ndi zidutswa za zitenje zimene anatola kwa telala. Chitsanzo chake ndi cha pinwheel, chofanana ndi kapepala kozungulira kamene ana amabaya pa kamtengo n'kumathamanga nako pa mphepo. Akuti adula monga mwa malangizo, koma nsonga za mapiko a pinwheel sizikukumana pakati, ndipo nsalu imene inali yaikulu yatsala ngati yoyala pa katebulo. "Ndalakwitsa pati?"

Amayi, tiyambe ndi kuchepako. Pamenepo simunalakwitse. Patani imeneyi imadya nsalu. Mumayamba ndi zidutswa za mainchi 5 mbali zonse, mumazilumikiza, kenako mumazunguliza mpendero wa mainchi 3. Mukatero mumaika patani pamene misoko inayi yakumana, mizere yake yopingasa igone pa misokoyo, n'kudula kachidutswa ka mainchi 3 ndi theka. Mukakasoka kamatsala mainchi 3. Ndiye ngati munayala zidutswa 6 m'litali ndi 6 m'lifupi, nsalu yoyamba inali yoposa mainchi 32, koma mudula tizidutswa 49, ndipo mukatilumikiza mupeza mainchi 21 ndi theka basi. Werengerani chakumbuyo: yambani mwasankha kukula kwa chofunda, kenako muone zidutswa zofunika.

Vuto lenileni ndi la nsonga lija, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono.

Tengani chidutswa cha chitenje, muchikoke molunjika. Sichitamuka kwenikweni. Tsopano chikokeni kuchokera kona ina kupita kona ya kutsidya. Mwaona? Chatamuka ngati lamba wa mphira. Mizere ya pa patani ija ndi yopendekera, choncho kachidutswa kalikonse kamene mwadula kali ndi mbali zinayi zodulidwa mopingasa ulusi wa nsaluyo. Zonse zinayi zimatamuka. Mukakagwira kwambiri, mukakakoka polowetsa pansi pa singano, kapena mukakhwekhwereza simbi pamwamba pake, kamatalika pang'ono osaoneka. Mamilimita awiri apa, awiri apo, pofika kumapeto kwa mzere nsonga zasemphana.

Mankhwala ake ndi sitachi, ndipo muike musanadule. Chapani zitenjezo poyamba kuti ngati zili zosuluka zisulukiretu. Mukalumikiza nsalu yoyamba ija, iwazeni sitachi, wogula kapena wopanga nokha posungunula supuni imodzi ya cornflour (ufa wosalala wokhuthalitsira msuzi, osati wa nsima) m'makapu awiri a madzi. Isiteni mpaka iume gwa ngati pepala. Kuyambira pamenepo simbi isayendenso uku ndi uku. Ikani, dinikizani, nyamulani. Pa makina musakoke nsalu kumbuyo kwa singano, mano a makinawo aziyendetsa okha. Msoko ukhale kota ya inchi, kapena kuti mamilimita 6, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ine ndimamata katepi pa makina kuti m'mphepete mwa nsalu muzitsata pamenepo. Ndipo misoko ya mzere woyamba muigonetsere kumanja, ya wachiwiri kumanzere. Mukamalumikiza mizereyo misoko imalumana, mumaimva ndi chala musanabaye n'komwe phini.

China chimene chinandipweteka mtima ine poyamba ndi kusokoneza tizidutswa. Ndinadula tonse n'kuunjika, ndipo ndinatha tsiku lathunthu ndikufunafuna kamene kamatsatana ndi kanzake. Chidutswa chilichonse cha mainchi 5 chija chimasanduka pinwheel imodzi, mapiko ake anayi ali pa tizidutswa tinayi tosiyana. Dulani mzere umodzi, yalani pa bedi mwa dongosolo lake, kenako mupite ku wina. Onetsetsaninso kuti patani sikutembenuzika chafufumimba, apo ayi mapiko ena azungulira mobwerera.

Podulapo, mpeni wozungulira ngati gudumu wodulira nsalu, umene kampani ya ku Japan ya Olfa inatulutsa mu 1979, ndi wabwino, makamaka waung'ono wa mamilimita 28, chifukwa mipata ya pakati pa tizidutswa ndi yopapatiza ndipo mukapitiriza pang'ono mwalowa m'kachidutswa koyandikana nako. Ngati mulibe, lembani mozungulira patani ndi pensulo yosongoka, mudule ndi sizasi yakuthwa. Zimachedwa koma zimatuluka bwino.

Pa zitenje ndili ndi maganizo anga. Maluwa akuluakulu amameza mapiko, munthu saona pinwheel. Sinthanitsani chidutswa cha chitenje ndi cha nsalu yopanda maluwa, chakuda pafupi ndi chowala. Tizidutswa timene mwadula kale musataye: tiwazeni sitachi, mutidinikize ndi simbi, muikenso patani pamwamba n'kuchotsa potamukapo, kenako musoke mzere umodzi woyeserera.