Kodi luso la m'dziwe n'lokwanira posambira m'nyanja yamchere?

Mayi wina wandilembera imelo yofotokoza kuti anaphunzira kusambira m'dziwe ndipo amatha bwino ndithu, koma tsopano akukonzekera ulendo wa kugombe la nyanja yamchere, kumene akufuna kukasambira ndi kuyesako kupalasa kayak, kabwato kakang'ono kopapatiza. Akufunsa ngati luso limene ali nalolo n'lokwanira.

Mayi, luso lanu ndi maziko abwino, ndipo madzi amchere adzakupeputsaniko ntchito, chifukwa lita imodzi imakhala ndi mchere wokwana magalamu pafupifupi 35, choncho thupi limayandama mosavuta kusiyana ndi m'dziwe. Koma madzi a m'dziwe amangokhala phee, pamene a m'nyanja sapuma. M'magombe ambiri madzi amakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku, makamaka chifukwa cha mphamvu ya mwezi, moti pamene munkayenda pouma m'mawa, pakatha maola 6 mungapeze madzi okumizani.

Chimene ndikufunitsitsa kuti muchimvetse ndi madzi obwerera, amene pa zikwangwani za m'magombe ambiri amalembedwa kuti rip current. Mafunde akamasweka amakankhira madzi ochuluka kugombe, ndipo madziwo amafuna pobwererera. Akapeza mpata pakati pa milu ya mchenga ya pansi pa madzi, onse amakhamukira pomwepo n'kukhala ngati kamtsinje kopapatiza kolowera mkati mwa nyanja, ndipo liwiro lake limatha kufika mamita 2.5 pa sekondi, loposa la akatswiri osambira a pa Olympics. Chomvetsa chisoni n'chakuti malo otere ndi amene amaoneka abata: madzi ake amakhala oderako, mafunde sasweka, ndipo mukayang'anitsitsa mumaona thovu ndi tizinyalala zikutsetsereka kulowera kutali. Mlendo amene akuopa mafunde nthawi zambiri amasankha kulowera pomwepo.

Madziwa akakutengani, musalimbane nawo pofuna kubwerera kumtunda molunjika, pakuti ambiri amene amamira amayamba atopa kaye. Madzi obwererawa amakokera munthu kutali, koma samukokera pansi. Gonani chagada kuti muyandame ndi kupezanso mpweya, kwezani dzanja kuti akumtunda akuoneni, ndipo mtima ukakhazikika sambirani cham'mbali, motsata gombe, mpaka mutatuluka m'kamtsinje kaja, kenaka mulole mafunde akuperekezeni kumtunda.

Pa chifukwa chimenechi, ine ndimaona kuti munthu wofika koyamba asalowe m'madzi pagombe limene lilibe anthu opulumutsa osambira. M'mayiko ambiri iwo amazika mbendera ziwiri, iliyonse yokhala ndi mtundu wofiira ndi wachikasu, ndipo pakati pa mbenderazo ndi pamene akuyang'anira. Mbendera yofiira yokhayokha imatanthauza kuti musalowe m'madzi, pamene yamabokosi akuda ndi oyera imasonyeza malo a oseweretsa matabwa pamafunde, amene si a osambira. Afunseni za madzi a tsikulo musananyowetse phazi, chifukwa mchenga wa pansi umasuntha ndipo malo oopsa amasinthasintha.

Pa za kayak, valani jekete loyandamitsa ngakhale mumadziwa kusambira, ndipo ulendo woyamba mupite ndi mphunzitsi. Samalani ndi mphepo yochokera kumtunda, imene imasalaza madzi a pafupi ndi gombe koma imakankhira bwato kutali mofulumira kuposa mmene mikono ya wophunzira ingapalasire. Bwato likagubuduka, ligwiritsitseni osalisiya, chifukwa okufunafunani adzaliona msanga kusiyana ndi mutu wa munthu pakati pa mafunde.