Kwa achemwali amene munadwazika mnzanu koma sanayamike

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati munadwazika mnzanu miyezi itatu, kumuchapira, kumusambitsa, kuchezera usiku pambali pa bedi lake. Lero wachira, zinthu zikumuyendera, koma ngakhale foni yanu sayankha. Ndiye mukufunsa ngati kuchitira anthu zabwino kuli ndi phindu kapena mungosiya.

Kuwawidwa kwanu sindikukupeputsa. Ena akuti "ingoiwalani", koma mtima sumazimitsidwa ngati nyali. Zimapweteka ndithu.

Komabe ndikufunseni: usiku uja mukumutembenuza pabedi, mumawerengera kuti adzakubwezerani chiyani? Ndikukhulupirira kuti ayi. Munkangoona munthu akuvutika ndipo manja anu anafika pa iye. Kuwerengera kwabwera pambuyo, iye atadzuka. Tinakula tikumva kuti kupatsa ndi kuika, ndiponso kuti mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Mawuwa ndi oona, koma ambiri timawamva ngati akunena kuti munthu yemweyo amene wamuthandiza ndiye adzakubwezere. Tikatero, mphatso ija imasanduka ngongole imene mwiniwake sanadziwe kuti akutenga. Ndipo munthu wangongole amathawa. Mwinanso mnzanuyo akuthawa manyazi, poti munamuona ali mmene safuna kudzikumbukira. Sindikumuikira kumbuyo, walakwa. Ndikungoti kukhala chete kwakeko sikukutanthauza kuti zimene munachita zinapita pachabe.

Ineyo ndinakhalapo wosayamika. Ndili kusekondale masamu ankandivuta kwambiri, ndipo mphunzitsi wina ankatsalira nane anzanga ataweruka. Ndimakumbukirabe zala zake zoyera ndi choko, akubwereza funso limodzi kanayi osakwiya, ena onse atapita kwawo. Sanalandirepo kanthu. Nditakhoza mayeso ndinkati ndidzapita kukamuthokoza ndikadzapeza ntchito, ndisapite chimanjamanja. Zaka zinadutsa. Uthenga wa imfa yake unandipeza maliro ataikidwa kale. Mpaka lero zimandiluma mumtima. Sikuti ndinamuiwala, ndinkamukumbukira kawirikawiri, koma iye sanamve zikomo wanga. Panopa ndikakhala pansi ndi mwana amene masamu akumuvuta, ndimadzimva ndikuyankhula mofatsa ngati mmene ankayankhulira iye.

Zimandikumbutsa James Harrison wa ku Australia. Ali ndi zaka 14 anachitidwa opaleshoni yaikulu ya pachifuwa, ndipo anapulumuka chifukwa cha magazi a anthu amene sanawadziwe. Analibe njira yowathokozera. Atakwanitsa zaka 18 anayamba kupereka magazi, ndipo madokotala anapeza kuti magazi akewo angapangire mankhwala a anti-D, oteteza ana amene magazi awo sagwirizana ndi a mayi awo ali m'mimba. Anapereka maulendo 1,173 mpaka mu 2018, ali ndi zaka 81. Ambiri mwa anawo akukula osadziwa n'komwe dzina lake. Palinso Nicholas Winton, amene mu 1939 anathandiza kusamutsa ana 669, ambiri Achiyuda, kuchoka mumzinda wa Prague ku Czechoslovakia kupita ku Britain nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe. Nkhaniyi inadzadziwika ndi anthu ambiri mu 1988, kudzera m'buku la mayina ndi zithunzi za anawo limene linasungidwa m'nyumba mwake. Zaka pafupifupi 50 sanayende akulengeza.

Pa ulemu napo ndi chimodzimodzi. Kuweramira bwana amene angakukweze pantchito aliyense amatha. Ine ndimayang'ana mmene munthu amayankhulira ndi mlonda wa pageti kapena mayi wosesa muofesi, ngati amawadziwa mayina, ngati amaima n'kumva yankho akawapatsa moni. Anthu amenewa alibe choti angamubwezere, ndipo amazindikira msanga amene akuwalemekeza zenizeni.

Izi sizikutanthauza kuti muzilola anthu kukudyerani masuku pamutu. Munthu akamabwera kwa inu pokhapokha akasowa, muli ndi ufulu wokana. Ngati ndi ngongole, nenani poyera kuti ndi ngongole, mugwirizane tsiku lobweza. Ngati mwapereka, perekani zimene mtima wanu ungathe kuzitaya osadandaula, ndipo mukapereka musazitsatirenso.

Za mnzanuyo, ndikanakhala inu ndikanamulembera uthenga umodzi wokha. Osamukumbutsa za miyezi itatu ija, osatchula zimene munawononga. Kungomuuza kuti mwakondwa kuti ali bwino, komanso kuti kukhala chete kwake kwakupwetekani. Akayankha, mukambirane. Akapanda kuyankha, musiyeni, ndipo chonde musafalitse za matenda ake kwa anthu chifukwa cha mkwiyo. Zimene munaziona m'chipinda muja anakuonetsani ali wopanda mphamvu, zisungeni.