Khofi wozizira, kasitomala wokwiya, ndi mtsikana amene mukufuna kumuchotsa ntchito

Mayi wina amene ali ndi kafe yaing'ono wandilembera kalata pa imelo. Akuti Loweruka m'mawa anthu anadzaza, bambo wina anadikira khofi kwa nthawi yaitali, ndipo pomwe khofiyo ankafika n'kuti atazizira. Bamboyo atadandaula, mtsikana woperekera anayankha kuti, "Mukuona nokha kuti anthu achuluka." Bamboyo analipira n'kutuluka osamwa, ndipo madzulo ake analemba pa Google kuti pamalopo pali anthu amwano, n'kupereka nyenyezi imodzi. Mayiwa akufunsa ngati amuchotse ntchito mtsikanayo, ngati ayankhe ndemangayo, komanso ngati zili zoona kuti kasitomala salakwa.

Mayi, ndiyambe ndi mtsikanayo, chifukwa ndiye amene ntchito yake ili pachiswe. Musamuchotse. Zimene anayankha n'zolakwika ndithu, ndipo sindikumuikira kumbuyo. Koma tadzifunsani: pa nthawi imene bamboyo ankadandaula, mwanayo akanachita chiyani? Munamuuzapo kuti akhoza kupanga khofi wina osayamba wakufunsani? Munamuuzapo kuti akhoza kuchotsa kapu imodzi pa bilu? Ngati simunatero, ndiye kuti anaima pamaso pa munthu wokwiya alibe chilichonse chomupatsa, mwinanso akuopa kuti akataya khofiyo mudzamudula malipiro. Munthu amene sanapatsidwe mphamvu yokonza chinthu amatsala ndi pakamwa pokha podzitetezera, ndipo n'zimene zinachitika. Mukalemba wina ntchito mawa popanda kusintha izi, Loweruka lina nayenso adzayankha chimodzimodzi.

Mahotela a Ritz-Carlton amadziwika ndi lamulo lakuti wantchito aliyense angagwiritse ntchito ndalama zofika madola 2,000 pokonza vuto la mlendo popanda kupempha chilolezo kwa bwana. Inu ndalama zotero mulibe, ndipo simukuzifuna n'komwe. Kwanu lamulolo n'laling'ono: chakumwa chilichonse chimene kasitomala wadandaula nacho chipangidwenso nthawi yomweyo, popanda mafunso, ndipo wantchito asadulidwe kanthu. Khofi ndi mkaka zolowa m'kapu imodzi ndi kachigawo kochepa ka mtengo umene mumagulitsira, ndalama zambiri zimapita ku lendi ndi malipiro. Kutaya kapu imodzi n'kotchipa kwambiri kusiyana ndi kutaya munthu amene akanamabwera sabata iliyonse.

Mukhale naye pansi awiriwiri, pasanatsegulidwe, osati pamaso pa anzake kapena makasitomala. Muyambe mwamufunsa mmene zinthu zinayendera tsikulo, chifukwa iye anaona zimene inu simunaone. Kenako mumuuze mosapita m'mbali kuti yankho lija silivomerezeka, ndipo mumupatse mawu ena oti azinena. Antchito ambiri amauzidwa kuti "muzikhala aulemu" koma sanamvepo mmene ulemuwo umamvekera pamene munthu akukukalipira.

Zimayenda chonchi. Woperekera aime pa tebulopo, asiye zina zonse, amuyang'ane munthuyo n'kumulola kuti amalize kulankhula, ngakhale atabwereza zomwezo kawiri. Akamaliza, anene kuti: "Pepani bambo, takudikiritsani, komanso khofiyu wazizira. Ndikupangirani wina pompano." Atenge kapu yozizirayo achoke nayo, isatsale pa tebulo n'kumamukumbutsa mkwiyo. Khofi watsopanoyo asakaime kumapeto kwa mzere wa maoda, apangidwe poyambirira. Akamupatsa, pakapita kanthawi abwererenso kudzafunsa ngati tsopano watentha bwino.

Taonani kuti m'mawu opepesawo mulibe "koma". Mukangoti "pepani, koma anthu achuluka", kupepesa konse kwafufutika, ndipo munthuyo amamva ngati mukumuuza kuti iye ndiye wosamvetsa zinthu. Chimodzimodzi "pepani ngati mwakhumudwa": mawu amenewo akukayikira ngati pali cholakwika. Kampani yogulitsa khofi ya Starbucks inkaphunzitsa antchito ake ndondomeko ya zinthu zisanu: kumvetsera, kuvomereza, kuchitapo kanthu, kuthokoza, kenako kufotokoza chimene chinachitika. Chimene chimandisangalatsa pa ndondomekoyi n'chakuti kufotokoza kuli kumapeto. Zimene mtsikana wanu ananena zinali zoona, anthu anachulukadi, koma anaziika poyamba. Mawu omwewo akanawanena bamboyo atagwira kale kapu yotentha, mwina akanangogwedeza mutu n'kumvetsa.

Tsono vuto lenileni linayamba bamboyo asanatsegule pakamwa. David Maister, amene ankaphunzitsa pa Harvard Business School, analemba mu 1985 za mmene anthu amamvera akamadikira. Anati kudikira kumene sukudziwa kuti kutha liti kumaoneka kotalika kuposa kumene wauzidwa nthawi yake, kudikira kopanda chifukwa chodziwika kumawawa kuposa kumene wafotokozeredwa, ndipo kudikira kumene ukuona kuti wobwera pambuyo pako walandira kale n'kumene kumakwiyitsa kwambiri. Choncho pamene anthu adzaza, wolandira oda anene pomwepo kuti, "Lero tachulukidwa, khofi wanu atenga mphindi khumi kapena kuposerapo, mudikira?" Ena adzachoka, ndipo zili bwino, adzachoka opanda chakukhosi. Otsalawo adzakhala atasankha okha.

Nanga khofiyo anazizira bwanji? Funso ili ndi lanu, osati la mtsikanayo. Kawirikawiri chimachitika n'chakuti wopanga wamaliza, waika kapu pa kauntala, ndipo palibe amene akudziwa kuti ndi ya tebulo liti kapena kuti woinyamula ndani. Kapuyo imakhala pamenepo onse akuidutsa. Nthawi zina vuto ndi makapu enieniwo: kapu yadothi yozizira imamwa kutentha kwa khofi msangamsanga, n'chifukwa chake makina opangira khofi wamphamvu wotchedwa espresso amakhala ndi malo pamwamba oikapo makapu kuti azifunda. Ngati makapu achuluka kuposa malowo, kungowatsuluza ndi madzi otentha kumathandiza. Chimene musachite ndi kuuza wopanga kuti aziwiritsa mkaka kwambiri. Mkaka wa khofi umakoma ukatenthedwa kufika pakati pa madigiri a Celsius 60 ndi 65, ukapyola 70 umataya kutsekemera ndipo umayamba kununkha kupsa, ndiye mudzangosinthanitsa dandaulo lina ndi linzake. Mu February 2008, Starbucks inatseka masitolo ake pafupifupi 7,100 a ku America kwa maola opitirira atatu kuti iphunzitsenso antchito kapangidwe ka espresso. Ngati kampani yaikulu chotero inalolera kutseka zitseko, inunso mungapeze ola limodzi loti nonse muyeserere mmene oda imayendera kuchoka pa tebulo kufika pa makina n'kubwereranso.

Mugulenso kabuku kakang'ono kokhala pafupi ndi kauntala, koti dandaulo lililonse lizilembedwamo: tsiku, nthawi, ndi chimene chinalakwika, popanda dzina la wolakwa. Mukangoyamba kulembamo mayina, antchito adzayamba kubisa. Pakatha mwezi mudzaona nokha ngati madandaulo akuunjikana pa tsiku limodzi ndi ola limodzi, ndipo ngati zili choncho, yankho ndi munthu wina wothandiza pa maola amenewo, osati kukalipira amene alipo.

Ndipo bambo uja mumuthokoze mumtima, chifukwa anayankhula. Anthu ambiri osakhutira sanena kanthu, amalipira, amamwetulira, osabweranso. Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Njira yowamvera anthu oterowo ndi kuyang'ana zimene zikubwerera kotsukira: kapu yomwedwa theka, keke yolumidwa kamodzi n'kusiyidwa. Funso lakuti "zonse zili bwino?" aliyense amaliyankha kuti inde. Koma mukafunsa kuti, "Ndaona kuti keke simunamalize, inali youma?" munthu amamasuka n'kukuuzani zoona.

Pa funso lakuti kasitomala salakwa: mawuwa amalumikizidwa ndi eni masitolo akuluakulu monga Marshall Field wa ku Chicago ndi Harry Gordon Selfridge, amene anatsegula sitolo yake ku London mu 1909. Masiku amenewo wogula akapusitsidwa ankangouzidwa kuti akanayang'anitsitsa, choncho kumukhulupirira wodandaula chinali chinthu chachilendo. Ine ndimati kasitomala salakwa pa zimene wamva m'kamwa mwake ndi nthawi imene wadikira. Akati khofi ndi wowawa, musatsutsane naye, lilime ndi lake. Koma alibe ufulu wotukwana wantchito wanu, kumunyoza kapena kumugwiragwira. Zikafika pamenepo muimirire inuyo, mumuuze mwanayo apite kumbuyo, ndipo munthuyo mumuuze modekha kuti vuto lake mukonza koma kutukwana ayi. Akapitiriza, mum'bwezere ndalama zake achoke. Danny Meyer, amene anatsegula lesitilanti ya Union Square Cafe ku New York mu 1985, amaika antchito ake patsogolo, alendo pambuyo pawo, poona kuti wantchito amene akusamalidwa ndi amene angasamale mlendo. Ndikugwirizana naye ndi mtima wonse.

Pali madandaulo ena amene kapu yaulere siingathetse. Munthu akafunsa ngati mu keke muli mtedza, mazira kapena mkaka chifukwa thupi lake limadana nazo, wantchito asayerekeze kungoganizira. Ayankhe kuti akafunse kaye, ndipo ngati palibe wodziwa, amuuze munthuyo kuti asadye. Ku Britain lamulo lolemba zonse zimene zili m'chakudya chopakiridwa pamalo ogulitsira linayamba kugwira ntchito mu October 2021, pambuyo pa imfa ya mtsikana wina mu 2016 amene anadya sangweji yokhala ndi chitowe, chimene thupi lake linkadana nacho, chosalembedwa pa pepala la sangwejiyo.

Ndemanga ya pa Google muiyankhe, koma osati mukadali ndi mkwiyo. Igonereni. Kumbukirani kuti amene adzawerenge yankholo kwambiri ndi anthu amene sanafikepo pa kafe yanu, ndipo akufuna aone mmene mumachitira zinthu zikalakwika. Likhale lalifupi: "Pepani kwambiri bambo. Munadikira nthawi yaitali, khofi anafika wozizira, ndipo sitinakuyankheni bwino. Tasintha mmene timaperekera zakumwa pa nthawi imene anthu achuluka. Mukadzabweranso mudzandifunse ine mwini wake." Musatchule dzina la mtsikanayo, musanene kuti mwamulanga, ndipo musalembe kuti mwasintha zinthu musanazisinthe. Musapemphenso abale ndi anzanu kuti alembe ndemanga zabodza zokwirira yoipayo: malamulo a Google amaletsa zimenezo, ndipo owerenga amazizindikira. Bamboyo akadzabweradi, mumulandire, mumupatse khofi wotentha, koma musamupemphe kuti afufute zimene analemba. Akafuna adzasintha yekha.