Ngongole ya masters, DSA, ndi manyazi amene amatidyera ndalama

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala kuno ku England. Ali ndi mapepala okhazikika, amagwira ntchito yosamalira okalamba, ali ndi matenda a sickle cell, ndipo yunivesite ina yawapatsa malo a masters. Funso lawo linali lakuti atenge ngongole ya boma kapena ayi. Koma kumapeto anawonjezera kamzere kena. Akuti mnzawo wawauza za thandizo la boma la ophunzira aulumali lotchedwa DSA (Disabled Students' Allowance), koma iwo sakuona kuti n'lawo, "chifukwa ine ndimayenda ndekha, ndipo sindifuna kudya za anthu ovutikadi."

Achemwali, za ngongolezo ndiyankha. Koma chimene chandisowetsa tulo ndi kamzere kameneka.

Ine ndimamva ndi khutu limodzi, nalonso movutikira. Ndili mwana ndinadwala malungo aakulu, anandibaya kwinini, moyo unapulumuka koma makutu sanabwerere mwakale. Sukulu za ana osamva zinalipo, ku Mua, ku Maryview ku Nguludi, ku Embangweni, koma palibe amene anaganiza zonditumiza kumeneko, poti ine ndinali "wakumva ndithu, kungoti amachita dala." Ndinakulira pakati pamenepo: kwa akumva ndinali gonthi, kwa osamva ndinali wabwinobwino. Ku pulayimale ndinkalawirira m'mamawa kuti ndikapeze malo kutsogolo, pansi pa bolodi penipeni, pamene fumbi la choko limagwera m'mutu. Ndinkawerenga milomo ya aphunzitsi. Akatembenuka kuti alembe pa bolodi kwinaku akulankhula, kwa ine phunziro linali latha. Akatembenukanso n'kundiloza kuti ndiyankhe, ine n'kungoti kakasi, kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Ndinakwapulidwapo chifukwa cha mwano umene sindinachite. Usiku ndinkakopera manotsi a mnzanga pa koloboyi, ndipo pamene iye analakwitsa inenso ndinkalakwitsa pomwepo.

Mayi anga, amene ankandikonda kwambiri, ankandilangiza kuti ndisamauze anthu. Ankaopa kuti ndidzasowa banja, ndidzasowa ntchito. Sindiwadzudzula, chifukwa dziko limene ankalidziwa linali lotero. Koma mwana amene wakula akuuzidwa kuti abise amasanduka katswiri wobisa. Amadziwa kugwedeza mutu pa nthawi yake, kuseka anzake akaseka, kunena kuti "eya" pa nkhani imene sanaimve. Ndipo madzulo amafika kunyumba atatheratu, osadziwa kuti chamutopetsa n'chiyani. Inu achemwali mukudziwa zimenezi. Mumalowa shifiti mafupa akuwawa, n'kumamwetulira kuti asakuchotseni pa rota.

Masters yanga ndinaichita kuno ndili wamkulu kale, kwinaku ndikugwira ntchito. Kumeneko luso langa lobisa linandithera. Masemina ake anthu amakhala mozungulira tebulo, wina wa ku Newcastle, wina wa ku India, wina wa ku Nigeria, aliyense ndi Chingerezi chakechake, wina akuyankha mnzake asanamalize, wina wagwira pakamwa. Milomo yake uwerenga ya ndani? Mayi wina wa ku ofesi yothandiza ophunzira aulumali pa yunivesitepo ndiye anandikhazika pansi n'kunditulutsira fomu. Pambuyo pake kunabwera chimene amati needs assessment. Ndinkayembekeza kuti akandiyeza ngati kuchipatala, koma ayi. Munthu wake anangofunsa kuti tsiku langa la kusukulu limayenda bwanji, ndimakhala pati, n'chiyani chimandipita, ndikafika kunyumba ndimakhala ndili bwanji. Chibadwire palibe anali atandifunsapo zimenezo. Anandilembera kamaikolofoni kakang'ono koika pakati pa tebulo, kotumiza mawu molunjika m'kachipangizo ka m'khutu, komanso munthu wophunzitsidwa bwino woti azilemba zonenedwa pa kompyuta ine n'kumawerenga pomwepo. Tsiku loyamba kukayatsa kamaikolofoniko, mnyamata wina wokhala kumapeto kwa tebulo anafunsa funso ndi mawu ake otsika aja, ine n'kulimva lonse, mpaka ndinayankha. Ndinatuluka kukalira kubafa. Ndinkalirira kamtsikana kaja ka pansi pa bolodi.

N'chifukwa chake mawu akuti "anthu ovutikadi" amandipweteka. Ndani anatiuza kuti wovutika ndi yekhayo ali pa njinga ya olumala? Lamulo la kuno, Equality Act la 2010, silifunsa ngati mumayenda nokha. Limafunsa ngati vuto la m'thupi kapena la m'maganizo likukusokonezani kwambiri pa zochita za tsiku ndi tsiku, ndipo latha kapena litha miyezi 12 kapena kuposerapo. Matenda obwera n'kupita n'kubweranso amawerengedwa. Sickle cell imene imakugonekani m'chipatala kukazizira, imene imakusiyani wofooka sabata yathunthu, ili m'gulu limeneli. Chimodzimodzi khunyu, matenda a nkhawa, dyslexia (vuto la kuwerenga ndi kulemba). Ndipo DSA si thumba limodzi loti inu mukatapamo wosaona asowa. Aliyense woyenerera amalandira malinga ndi zosowa zake. Inu mukakana, ndalamayo sipita kwa wina wovutika kuposa inu. Imangokhala. Komanso tisaiwale kuti msonkho umene amakudulani pa malipiro a ma night aja ndi womwewo umene umalipira zimenezi.

Pano ndinena zimene ena sakondwera nazo. Ine ndine wopemphera, Lamulungu lililonse ndili m'tchalitchi. Koma chiphunzitso chimene chafala pakati pathu, chakuti kulemba dzina la matenda ako pa fomu ndiko "kuwavomereza" ndi kutseka khomo la machiritso, n'chabodza ndipo chikuwononga anthu. Ndaona ana athu obadwira konkuno akulephera mayeso chifukwa makolo anakana kuti ayezedwe dyslexia, ati mwana wawo si chitsiru. Ndaona mayi wina akusiya kosi pakati chifukwa sanafune kuti mpingo udziwe kuti amamwa mankhwala a maganizo. Amene amalalikira zimenezi amavala magalasi a maso powerenga Baibulo, ndipo palibe amawanena kuti alibe chikhulupiriro. Pemphererani machiritso ndi mtima wonse, fomu lembaninso. Za fomuyo mpingo suuzidwa, abwana a kuntchito sauzidwa, ndipo pa satifiketi yanu salembapo kanthu.

Ndisanapitirire, ndikudziwa kuti ambiri owerenga pano ali pa viza ya ntchito yosamalira odwala kapena ya sukulu. Pepani abale, ngongoleyi ndi DSA si zanu pakadali pano. Zimafuna munthu amene ndi nzika, kapena ali ndi chilolezo chokhazikika, ndipo wakhala mu UK zaka 3 kosi isanayambe. Othawa kwawo ovomerezeka ali ndi njira yawonso. Koma udindo wa yunivesite wokukonzerani zinthu, monga nthawi yowonjezera pa mayeso kapena manotsi operekedwa pasadakhale, umakhudza wophunzira aliyense, ngakhale wochokera kunja. Ndipo amene muli kumudzi, njira yanu ndi maskolashipu: Chevening, Commonwealth, ndi Beit Trust imene imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha. Musabise ulumali polembera. Kunonso kuli bungwe la Snowdon Trust limene lili ndi maskolashipu a masters a ophunzira aulumali, ngakhale opikisana ndi ambiri.

Za ngongoleyo

Ife Amalawi tikamva mawu akuti ngongole timaona katapila, munthu akubwera kudzanyamula mbuzi ndi malata. Iyi siyenda choncho. Postgraduate Master's Loan inayamba mu 2016 ili £10,000, ndipo kwa oyamba kosi m'chaka cha 2025/26 inafika £12,858. Imeneyo ndi ya kosi yonse, osati ya pachaka. Safunsa kuti mumalandira zingati. Muyenera kukhala osakwana zaka 60, musakhale ndi masters ina kale, ndipo kosiyo ikhale masters yathunthu, osati postgraduate diploma kapena certificate. Kubweza kwake ndi 6 peresenti ya ndalama zimene mwalandira kupitirira £21,000 pachaka. Mukamalandira £30,000, ndiye kuti 6 peresenti ya £9,000, imene ndi £540 pachaka, £45 pamwezi, yodulidwa pa malipiro pamodzi ndi msonkho. Mukadwala n'kusiya ntchito, kapena malipiro akatsika pansi pa mzerewo, sadula kanthu ndipo palibe adzagogoda pakhomo. Zikatha zaka 30 yotsalayo imafafanizidwa. Kwa munthu wa thupi losadalirika ngati lanu ndi langa, mfundo imeneyi ndi yaikulu kuposa zonse. Ngongole ya kubanki kapena ya khadi sidziwa kuti mwagonekedwa.

Sindikuti ndi yokoma. Chiwongoladzanja chake nthawi zambiri ndi kukwera kwa mitengo kumene amayeza ndi RPI, kuphatikizapo 3 peresenti, ndipo chimayamba kuwerengedwa tsiku limene ndalama yoyamba yalowa. Ngati muli ndi ngongole ya digiri yoyamba, ziwirizi amadula limodzi, iyo 9 peresenti, iyi 6, ndipo pa payslip zimaoneka ndithu. Mukadzabwerera ku Malawi ngongoleyo sitsala pa Heathrow. Muyenera kuwauza a Student Loans Company, ndipo amakuikirani mzere wolingana ndi dziko limene muli. Chimene chimandikwiyitsa ine n'chakuti ndalamayi ndi yochepa. Makosi ambiri fizi yokha imameza pafupifupi yonse, lendi ndi chakudya n'kutsala pa inu. Wophunzira wathanzi amatseka dzenjelo ndi mashifiti a usiku. Nanga wa sickle cell atani, agwire usiku, m'mawa kalasi, madzulo laibulale? Amene anakonza dongosololi ankaganizira wachinyamata wa mphamvu zake wokhala kwa makolo, ndipo DSA, ngakhale ndaiyamikira chotere, silipira fizi, silipira lendi. Apa boma linatisiya pa mtetete, ndipo ndilibe mawu ofewetsera zimenezi.

Palinso china chimene mapepala a boma sangakuuzeni. Ndalama ya ngongoleyi sipita ku yunivesite, imalowa mu akaunti yanu, katatu pachaka. Ndipo inu mukudziwa mmene zimakhalira: tsiku limene ndalama yalowa ndi lomwelo foni imalira, kwagwa maliro, feteleza wakwera, mwana wa achimwene wathamangitsidwa kusukulu. Zonsezo n'zoona, ndipo mtima umapweteka. Koma ndalama imeneyi si yanu, ndi ya fizi, ndipo mukalephera kulipira gawo lachiwiri la fiziyo yunivesite imakutsekerani zonse, ngongole n'kutsala pamutu panu popanda pepala. Ikalowa m'mawa, pofika masana ikhale itapita ku yunivesite. Achibale musawauze n'komwe kuti yalowa.

Simunandiuze kuti masters yake ndi ya chiyani. Ngati ndi ya unamwino kapena uzamba yolowera ntchitoyo koyamba, imani kaye, chifukwa imeneyo imayendera thandizo la digiri yoyamba, limene lili ndi ngongole ya fizi ndi ya zofunika pa moyo padera, komanso £5,000 pachaka yosabweza yochokera ku NHS, bungwe la zipatala za boma. Ndipo zonse ndanenazi ndi za England. Ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland malamulo ndi ena.

Tsono chochita ndi ichi. DSA lemberani sabata ino, musadikire kuti kosi iyambe, chifukwa zimatha kutenga masabata 14 kuti zonse zikhale m'malo, ndipo ine teremu yanga yoyamba inafika pakati zipangizo zisanabwere. Pamafunika kalata ya dokotala kapena fomu ya umboni imene iye amadzaza. Pitani kwa amene amakuonani za magazi, ndiye amakudziwani bwino. M'chaka cha 2025/26 malire a DSA anali £27,783 pachaka, koma musayembekeze ndalama m'manja, zambiri amalipira okha kwa opereka zipangizo ndi othandiza, ndipo ngati akulemberani kompyuta mumaikapo £200 yanu. Pa assessment fotokozani tsiku lanu loipitsitsa, osati labwino. Nenani za kuima pa siteji ya basi mu January, chifukwa amatha kulipira ndalama yapamwamba ya takisi pa imene mukanalipira basi. Nenani za maphunziro amene adzakupitani muli m'chipatala.

Ngongole tengani, koma ganizirani zochita kosiyo mwa part-time zaka ziwiri, ndalamayo amaigawa pa zakazo ndipo thupi limapuma. Ngati munaphunzirapo pa yunivesite yomweyo, funsani ngati amachotsera fizi ophunzira akale, ndipo funsaninso za hardship fund, thumba lothandiza ophunzira amene asowa ndalama. PIP, ndalama ya boma yothandiza aulumali ndi odwala matenda okhalitsa, ngati mumalandira, siima chifukwa cha sukulu. Koma Universal Credit, thandizo la boma la opeza ndalama zochepa, samalani nayo kwambiri: wophunzira wa full-time amaloledwa pa chifukwa cha ulumali pokhapokha ngati akulandira PIP ndipo anamuyeza kale kuti sangathe kugwira ntchito mokwanira kosi isanayambe, osati itayamba. Komanso 30 peresenti ya ngongole ya masters amaiwerengera ngati ndalama yolowa, ngakhale mutasankha kusaitenga. Musanasaine chilichonse kaonaneni ndi a Citizens Advice, bungwe lopereka malangizo mwaulere, kapena mlangizi wa zandalama wa pa yunivesitepo, mutanyamula makalata anu onse a DWP, nthambi ya boma yopereka PIP ndi Universal Credit.