Kutsitsa mtengo wa mowa pabala: yambani mwawerenga masamu ake

Funso: Ndili ndi kabala pafupi ndi tauni ya Kasungu, ndipo panja pali mnyamata wanga amene amawotcha kanyenya ndi kukazinga tchipisi. Loweruka ndi Lamlungu anthu amadzaza, koma kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi timangoyang'anizana ndi wogulitsa. Mnzanga wa tsidya la msewu wayamba zoti ukagula mabotolo asanu, lachisanu ndi chimodzi ndi laulere, moti makasitomala anga ena asamukira komweko. Kodi nanenso nditero, kapena ndingochotsa K200 pabotolo? (Mayi wa ku Kasungu)

Yankho: Mayi, musanalembe chikwangwani chilichonse, tengani kope ndi cholembera. Ndalama imene mungachotse pamtengo sichoka m'thumba la kampani yofulula mowa ayi. Ichoka pa phindu lanu, ndipo phindu la pabotolo ndi lochepa kuposa mmene anthu okumwa amaganizira.

Tiyerekeze ndi manambala osavuta, inu muikepo mitengo yanu ya lero poti zinthu zikungokwera. Kireti ya mabotolo 20 mwaoda pa K30,000, ndiye kuti botolo limodzi lakudyerani K1,500. Onjezerani ya wakabaza wobweretsa makireti, mayunitsi a magetsi a firiji ndi botolo losweka mwa apo ndi apo, tinene K100 pabotolo. Mukamagulitsa pa K2,000, mukutsala ndi K400, ndipo apa lendi ndi malipiro a wogulitsa sitinachotse.

Tsono chotsani K200 ija. Kwa womwa ndi kandalama kochepa, mwina sangasinthe n'komwe njira yake chifukwa cha iko. Kwa inu ndi theka lenileni la phindu. Ngati Lachiwiri mumagulitsa makireti atatu n'kupeza K24,000, pamtengo watsopanowo muyenera kugulitsa makireti asanu ndi imodzi kuti mupeze K24,000 yomweyo. Kodi m'dera mwanumo muli anthu oti angamalize makireti asanu ndi imodzi Lachiwiri, pakati pa mwezi?

Njira ya mnzanuyo ndiye yowawa kwambiri. Mabotolo asanu ndi limodzi amudyera K9,600, iye walandira K10,000. Watsala ndi K400 pamene akadapeza K2,400. Bala yake ikuoneka yodzaza, nyimbo zikuphulika, koma ngati alibe kwina kumene akuoda motchipa, akudya mpamba. Musamutsatire. Mpikisano wotsitsirana mitengo pakati pa mabala awiri oyang'anizana amapambana ndi amene ali ndi ndalama zambiri zotaya, ndipo ukatha, makasitomala amakana kubwerera pamtengo wakale.

Pamene muli ndi mpata ndi pachiwaya panjapo. Mowa mtengo wake aliyense amaudziwa, koma mbale ya tchipisi mumaipanga nokha. Tinene kuti mbale imene mumagulitsa K1,500 imakudyerani K700 mukawerengera mbatatesi, mafuta, nkhuni, kabichi ndi tomato. Mukanena kuti wogula mabotolo asanu alandira mbale ya tchipisi yaulere, iye akuona mphatso ya K1,500, inu mwataya K700 yokha. Pa mabotolo asanuwo phindu ndi K2,000, kuchotsa K700, mwatsala ndi K1,300. Yerekezani ndi K400 ya mnzanu uja. Komanso munthu amene wadya za mchere ndi tsabola sachedwa kuitanitsa botolo lina, ndipo amakhalitsa m'malo mothamangira nsima kunyumba.

Kanyenya musapereke waulere, nyama ndi yodula. Mungathe kumuphatikiza pamtengo umodzi, monga mabotolo awiri ndi zidutswa zitatu, n'kuchotsapo pang'ono kumbali ya nyamayo. Koma yambani mwadziwa kuti kilogalamu imodzi ya mbuzi imatulutsa zidutswa zingati. Muimirire pomwepo mnyamatayo akamadula, muwerenge, mulembe. Nyama imanyala pamoto, mafupa ndi mafuta zimatenga gawo lake, ndipo mpeni ukamadula mwachifundo kwa anzake, kilogalamu ya zidutswa 20 imasanduka ya 15 inu osadziwa. Mbale ya tchipisi chaulere ikhalenso ndi muyezo wake, chipande chimodzi chodziwika, osati dzanja la wokazinga.

Nthawi nayo ndi nkhani. Zotsitsazi zikhale za masiku ndi maola amene mipando ili yopanda anthu, mwachitsanzo Lachiwiri ndi Lachitatu kuyambira 4 koloko mpaka 7 koloko madzulo. Tsiku la mpira waukulu, kumapeto kwa mwezi aphunzitsi ndi ena ogwira ntchito m'boma atalandira, komanso nyengo imene msika wa fodya wa Chinkhoma uli wotsegula ndipo alimi ali ndi ndalama m'matumba, musachotse ngakhale tambala. Anthu amenewo akadabwerabe. Mlimi amene wagulitsa mabelo ake safunsa za mbale yaulere, amafuna mowa wozizira ndi nyama yotentha, choncho nyengo imeneyo ndalama yanu ipite ku makireti okwanira ndi njira yoziziritsira magetsi akazima.

Pali zinthu zimene zimaononga dongosolo lotereli ngakhale masamu ali bwino. Choyamba ndi ngongole. Wolandira mbale yaulere alipire mabotolo ake asanu nthawi yomweyo, kaya ndi ndalama pamanja, Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo uthenga wa ndalamayo ufike pafoni ya bizinesi, osati ya wogulitsa. Munthu woti walembedwa m'kabuku ka ngongole asapatsidwe mphatso pa ndalama imene simunaione.

Chachiwiri chili kuseri kwa kauntala. Wogulitsa wochenjera amaphatikiza mabotolo a anthu osiyanasiyana, awiri apa, atatu apo, n'kulemba kuti mbale yaulere yatuluka, pamene mbaleyo waigulitsa ndipo K1,500 agawana ndi wapachiwaya. Dulani timapepala tokhala ndi manambala ndi siginecha yanu. Kapepala kaperekedwe kwa kasitomala akalipira, iye akapereke pachiwaya. Usiku muwerenge timapepala, mabotolo otsala m'firiji, mabotolo opanda kanthu ndi ndalama. Ngati timapepala tili 8, mabotolo ogulitsidwa m'maola amenewo asachepere 40. Muwerenge katundu pa 4 koloko ndi pa 7 koloko, osadikira mawa.

Chachitatu ndi makasitomala anu akale, amene m'malo mobwera 8 koloko ayamba kubwera 6 koloko kuti apeze nawo mbale. Amenewa sanakuonjezereni kanthu, mwangowadyetsa. Zimenezi simungaziletse, ndipo si zoipa kwenikweni poti bala yokhala ndi anthu imakoka odutsa, koma muzidziwa kuti mbale zina zikupita popanda kubweretsa botolo latsopano. Mabotolo a m'maola amenewa atsegulidwe pakauntala ndi kumwedwa pomwepo, asatuluke nawo, chifukwa mungataye ndi mabotolo omwe amene mumafunika kubweza pooda.

Zotchipa zimakokanso ana asukulu. Malamulo salola kugulitsa mowa kwa wosakwana zaka 18, ndipo laisensi yanu ya kukhonsolo ili ndi maola ake otsegulira ndi kutsekera. Chindapusa chimodzi chingadye phindu la mwezi wonse.

Yesani kwa masabata anayi. Musanayambe, lembani phindu la Lachiwiri ndi Lachitatu la masabata anayi apitawa, osati ndalama zonse zolowa koma zotsala mutachotsa zoodera. Pa manambala athu aja, Lachiwiri la mabotolo 60 limapereka K24,000. Mukatulutsa mbale 10 zaulere mwawononga K7,000, ndiye pafunika mabotolo ena 18 pamwamba pa 60 aja kuti mungobweza ndalamayo. Mukamafika mabotolo 90 kapena kuposa, pitirizani. Mukamathera pa 70, chotsani chikwangwanicho sabata yachisanu isanayambe.