Kwa mayi amene mwana wawo wapeza ntchito ya usiku pogulitsa tchipisi

Amayi, mwafunsa ngati mumulole mwana wanu wamkazi kuyamba ntchito pamalo ogulitsa tchipisi ndi nkhuku ku Lilongwe, omwe amatseka 2 koloko usiku. Muloleni, koma mukaonane kaye ndi bwana wake, chifukwa choopsa chenicheni sichikhala pamene makasitomala ali piringupiringu. Chimabwera potseka ndi panjira yopita kunyumba.

Potseka pasatsale munthu mmodzi. Akhale awiri kapena atatu, mlonda ali pakhomo. Mbava zimadziwa kuti ndalama za tsiku lonse zimawerengedwa nthawi imeneyi, ndipo zimakonda kulowera khomo lakuseri wina akatuluka kukataya zinyalala n'kusiya chitseko chosakhoma. Zinyalalazo zitayidwe kusanade, zotsala zidikire m'mawa. Ndalama asawerengere pakauntala anthu akusuzumira pawindo. Mudilowa muzikhala za chenji zokha, zambirizo zizichotsedwa pakapita maola awiri alionse n'kukhomeredwa musefa. Wolipira pa Airtel Money kapena Mpamba asakhulupiriridwe ndi uthenga wa pafoni yake, poti uthenga wotere amapeka. Aone pafoni ya pashopupo kuti ndalama yalowadi.

Achifwamba akalowa, apereke ndalamazo, manja ali poonekera, ndipo asawathamangitse. Akatuluka akhome chitseko, aimbe 997, asagwire pomwe iwo agwira. Bwana amene amadula malipiro a antchito chifukwa aberedwa mwa njira iyi amawaphunzitsa kulimbana ndi achifwamba a zikwanje, choncho mumufunse zimenezi maso ndi maso.

Ngati malowo ali pafupi ndi mabala, monga ku Bwandilo ku Area 47, ambiri obwera pakati pa usiku amakhala atalawa. Azilandira ndalama kaye, mbale pambuyo, chifukwa mikangano yambiri imayambira pa "ndalipira kale". Wovuta asatsutsane naye, angoitana mlonda.

Kukhitchini nakonso kumavulaza, makamaka tulo tikayamba kugwira. Mafuta okazingira amafika madigiri 175 mpaka 180. Mbatata yonyowa ikaponyedwamo amathovoka n'kuthira kumaso, n'chifukwa chake iyenera kuuma kaye ndi kutsitsidwa pang'onopang'ono. Mafuta akayaka, madzi ayi! Madzi amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kumwaza moto mpaka kudenga. Atseke gasi, avundikire ndi chivundikiro chachitsulo kapena bulangete lozimitsira moto, asanyamule chiwayacho. Mwanayo akapsa, aike malowo pamadzi ozizira a pampopi mphindi 20, osapaka mankhwala otsukira mano kapena dzira, kenako apite kuchipatala. Nsapato zikhale zotseka zala ndi zosaterera, osati zofewa zapulasitiki. Tochi ikhale pamalo odziwika, chifukwa magetsi akazima mafuta amakhala akadali otentha.

Za ulendo wobwerera musagonje. Nthawi imeneyo minibasi kulibe. Pakhale galimoto ya pantchito yomusiya pageti penipeni, dalaivala n'kudikira mpaka alowe m'nyumba. Kumutsitsa pamsewu waukulu kuti amalize wapansi ndiye kumupereka. Ngati ndi kabaza, akhale mmodzi wodziwika, inu muli ndi nambala yake ya foni ndi ya njingayo. Foni ikhale m'thumba, asayende akuyatsa. Bwanayo akati za mayendedwe aliyense adzionere yekha, pemphani kuti mwanayo aikidwe shifiti ya masana.