Yankho kwa woyang'anira gulu la okonda anime: kodi mawu akuti "trap" aletsedwe?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mmodzi wa owerenga athu amene amayang'anira gulu la pa WhatsApp la anthu okonda makatuni a ku Japan, aja amatchedwa anime. Akuti m'gulumo mwabuka mkangano chifukwa membala wina anapempha anzake kuti asiye kugwiritsa ntchito mawu achingerezi akuti "trap", kutanthauza msampha, ponena za anyamata a m'makatuni amene amajambulidwa ndi kuvekedwa ngati atsikana, ati chifukwa mawuwo amanyoza anthu a transgender. Ena anamuyankha kuti ndi nthabwala chabe, kuti iwo amanena zojambula osati anthu enieni, ndiponso kuti iyeyo wangotengera mikangano ya azungu. Funso la owerenga athuwa ndi lakuti, kodi aletse mawuwo kapena awasiye?

Kwa inu amene mwalemba, yankho langa ndi lakuti mawuwo ndi oyenera kusiyidwa, koma njira imene mungatsate powasiyitsa ndi imene idzamange kapena kupasula gulu lanulo. Ndisanafike pa njirayo, ndiyenera kusiyanitsa anthu awiri amene m'mikangano yotereyi amaikidwa m'thumba limodzi. Woyamba ndi mwamuna amene amavala zachikazi koma akudziwa ndi kuvomereza kuti ndi mwamuna. Wachiwiri ndi munthu wa transgender, amene pobadwa anamuona kuti ndi mwamuna koma iye mwini amadzidziwa kuti ndi mkazi ndipo amakhala moyo wake wonse ngati mkazi, monganso alipo ena amene anabadwa akuonedwa ngati akazi koma amadzidziwa kuti ndi amuna. Phokoso lambiri limene mukulimva m'gulu mwanu likuchokera pa kusokoneza awiriwa.

Mawu akuti "trap" sanachokere ku Japan. Anafala pa tsamba la ku America lotchedwa 4chan, limene linayamba mu 2003, pamene anthu ankaika chithunzi cha mtsikana wokongola wa m'katuni n'kudikira kuti anyamata anzawo ayambe kumuyamikira, kenako wina n'kuyankha ndi chithunzi cha Admiral Ackbar, mkulu wa asilikali wa mufilimu ya Star Wars ya mu 1983, akuchenjeza anzake kuti alowa mumsampha. Nthabwala yake inali yakuti amene wayamikirayo wapusitsidwa, wakopeka ndi mwamuna mnzake. Pa tsamba lomwelo mawuwa sanachedwe kuyamba kugwiritsidwa ntchito pa zithunzi za anthu enieni, ovala zachikazi ndi a transgender omwe, kotero kuti mfundo yakuti mawuwa ndi a zojambula zokha siinakhalepo yoona ngakhale kumene anabadwira.

Aliyense amene anatcherapo diwa amadziwa kuti msampha sukhala wokha: pamakhala wotchera, nyambo ndi chokodwa. Mukatchula munthu kuti msampha, ndiye kuti mwanena kuti maonekedwe ake ndi nyambo, kuti iye wawakonza dala pofuna kunyenga, ndiponso kuti mwamuna amene wakopeka naye ndi wolakwiridwa. Apa ndi pamene pagona dandaulo la anthu a transgender, ndipo si dandaulo longopeka, chifukwa maganizo akuti "anandinyenga" akhala akugwiritsidwa ntchito m'makhoti pofuna kuchepetsa milandu yakupha. Mu October 2002, ku Newark m'chigawo cha California, mtsikana wa transgender wa zaka 17 dzina lake Gwen Araujo anaphedwa ndi anyamata amene ankacheza nawo atadziwa za thupi lake, ndipo maloya awo anauza khoti kuti anyamatawo anachita zimenezo chifukwa cha kudzidzimuka ndi mkwiyo wa munthu wonamizidwa. Mlandu woyamba unatha popanda chigamulo, ndipo zinatengera mlandu wachiwiri mu 2005 kuti awiri mwa iwo apezeke olakwa pa kupha. Mu 2014 California inakhala chigawo choyamba ku America kuletsa kudziteteza kwa mtundu umenewu. Chaka chomwecho, mumzinda wa Olongapo ku Philippines, Jennifer Laude anaphedwa ndi msilikali wa ku America, Joseph Scott Pemberton, amenenso ananena kuti anakwiya atazindikira kuti mkaziyo anali wa transgender. Pemberton anamangidwa, koma mu September 2020 Pulezidenti Rodrigo Duterte anamukhululukira.

Sindikunena kuti mnyamata amene watumiza nthabwala ya "trap" m'gulu mwanu ali ndi mtima wakupha, ndipo mukamuuza choncho adzakhala ndi chifukwa chomveka chokwiyira. Ndikunena kuti nthabwalayo ndi chodzitetezera cha m'khoticho zimaima pa maganizo amodzi, ndipo munthu wa transgender akamva mawuwo amamva maganizowo, ngakhale wowanenayo asanawaganizire.

Komabe otsutsa aja ali ndi mfundo imene siiyenera kuponyedwa kunja. N'zoona kuti ambiri mwa anyamata a m'makatuni amene amatchedwa ndi dzinali si a transgender. Astolfo wa m'katuni ya Fate/Apocrypha, amene ndi chitsanzo chotchuka kwambiri, ndi mwamuna amene amangokonda zovala zokongola, ndipo kumukakamiza kukhala chimene mlembi sanalembe ndi kulakwitsanso. N'zoonanso kuti ku Japan nkhani ya mwamuna wosewera ngati mkazi ndi yakale kwambiri: kuchokera pamene boma linaletsa akazi kusewera zisudzo za kabuki mu 1629, mbali za akazi zakhala zikuseweredwa ndi amuna otchedwa onnagata, pamene m'gulu la zisudzo la Takarazuka, limene linayamba kuonetsa masewero mu 1914, akazi ndiwo amasewera mbali za amuna. Anthu a ku Japan ali ndi dzina lawolawo la anyamata ooneka ngati atsikana a m'makatuni, lakuti otokonoko, ndipo m'dzinalo mulibe ganizo la chinyengo. Aliponso amuna ena ovala zachikazi, ngakhalenso a transgender ena, amene amadzitchula okha kuti "trap" mosanyansidwa. Zonsezi ndikuzivomereza, koma zikungosonyeza kuti anyamata a m'makatuniwa alibe vuto, pamene vuto lili pa dzina limene anawapatsa ku 4chan. Ndipo chimene munthu wasankha kudzitchula yekha sichipereka chilolezo kwa gulu lonse kutchula nacho ena.

Mfundo imene imandikhutiritsa kwambiri ndi yakuti malire amene otsutsawo amalonjeza, akuti "timanena ovala zachikazi okha, a transgender sitiwakhudza", salimba ngakhale m'makatuni momwemo. Ruka Urushibara wa m'katuni ya Steins;Gate wakhala akutchedwa "trap" kwa zaka zambiri, chikhalirecho m'nkhanimo iye amapempha yekha kuti mbiri isinthidwe n'cholinga choti abadwe mtsikana. Mu 2018 katuni ya Zombie Land Saga inaulula m'gawo lake la 8 kuti Lily Hoshikawa ndi mtsikana wa transgender, koma panali okonda katuniyo amene anapitirizabe kumutchula ndi dzina lomweli. Chitsanzo chachikulu ndi Bridget wa mu gemu ya Guilty Gear, amene anaonekera koyamba mu 2002 monga mnyamata woleredwa ngati mtsikana chifukwa kumudzi kwawo ankakhulupirira kuti mapasa aamuna okhaokha ndi malodza, ndipo ndi mmodzi mwa oyambirira kupatsidwa dzinali. Patatha zaka 20, mu August 2022, Bridget anabwereranso mu Guilty Gear Strive ndipo kumapeto kwa nkhani yake ananena yekha kuti ndi mtsikana. Ambiri mwa amene ankati amalemekeza zimene mlembi walemba anakana, ena nkumati omasulira a ku America apotoza mawu, mpaka kampani yopanga gemuyo ya Arc System Works ndi mlembi wake Daisuke Ishiwatari anachita kutsimikiza poyera kuti Bridget amadzidziwa kuti ndi mkazi. Ngati lonjezo losakhudza a transgender linalephereka pa munthu wojambulidwa amene mwini wake walankhula momveka, sindikuona chifukwa choyembekezera kuti lisungidwa pa munthu wamoyo amene alibe womulankhulira.

Tsopano ndifike pa njira, ndipo pano muphunzirepo pa zimene zinachitikira gulu la nthabwala za anime lotchedwa Animemes, la pa tsamba la pa intaneti la Reddit, limene linali ndi mamembala oposa 900,000. Kumayambiriro kwa August 2020 oyang'anira gululo analengeza mwadzidzidzi kuti mawu akuti "trap" aletsedwa, popanda kufunsa mamembala. Anthu anaukira, ndipo kwa masabata angapo tsambalo linadzaza ndi zithunzi zonyoza lamulolo ndi oyang'anira ake. Moto unakula pamene zinadziwika kuti ena mwa oyang'anirawo ankapita m'magulu ena kukanyoza mamembala awo omwe. Mamembala oposa 100,000 anatuluka, ambiri analowa gulu latsopano lotchedwa goodanimemes kumene mawuwo ankaloledwa, oyang'anira ena anaopsezedwa ndipo zinsinsi zawo zinaululidwa pa intaneti, mpaka tsambalo linatsekedwa kwa kanthawi. Kuopseza anthu chifukwa cha lamulo la pa tsamba la nthabwala ndi khalidwe loipa limene silingaikiridwe kumbuyo. Koma kumbali ya oyang'anirawo, ine ndimaona kuti cholinga chawo chinali chabwino ndipo kachitidwe kawo kanali kolakwika, chifukwa anthu amene akanatha kumva akanafotokozeredwa anadziona kuti atchedwa adani, ndipo amene lamulolo linkafuna kuwateteza ndi amene analandira chipongwe chochuluka kuposa kale.

Gulu lanu ndi laling'ono ndipo mwina ambiri mumadziwana maso ndi maso, choncho muli ndi mwayi umene a pa Reddit analibe. Musayambe ndi chiletso. Yambani ndi uthenga wofotokoza kumene mawuwa anachokera ndi chimene amatanthauza, muvomereze poyera kuti ambiri akhala akuwanena popanda cholinga choipa, ndipo mupereke masiku angapo oti anthu anene maganizo awo. Pali chinthu chimodzi chokha chimene simuyenera kudikira nacho: kutchula munthu weniweni ndi dzinali, kaya ndi membala kaya ndi chithunzi chotoledwa pa Facebook, kuleke nthawi yomweyo. Pa za makatuni, apatseni anthu mawu ena oti agwiritse ntchito, chifukwa kulanda munthu mawu popanda kumupatsa ena kumangobala makani. Angathe kunena kuti otokonoko, kapena kungonena m'chinenero chathu kuti mnyamata wovala zachikazi. Ena amakonda mawu akuti "femboy", amene alibe ganizo la msampha, ngakhale kuti nawonso ndi achipongwe akanenedwa kwa mkazi wa transgender. Woiwala mumukumbutse kumbali, ndipo kuchotsa munthu m'gulu kukhale kwa yekhayo amene akubwereza dala pofuna kupweteka mnzake. Inuyo ndi oyang'anira anzanu musakanyoze mamembala anu kwina, chifukwa uthenga wa pafoni suchedwa kujambulidwa ndi kubwerera kwa eni ake.

Pa mawu aja akuti iyi ndi mikangano ya azungu, muwakumbutse mwaulemu kuti liwu limene akuliteteza ndi lachingerezi ndipo linachokera pa tsamba la ku America, kotero kuti analandira kale katundu wa azungu pamene anayamba kulinena. Muwauzenso kuti simukuwapempha kusintha chikhulupiriro chawo pa nkhani ya anthu a transgender. M'gulu mwanu muli Akhristu, Asilamu ndi ena amene maganizo awo pa nkhaniyi ndi osiyana, ndipo mukayesa kuthetsa mtsutso umenewo pa WhatsApp mudzangotopa pachabe. Chimene mukupempha ndi chaching'ono: kuti munthu asatchedwe wachinyengo chifukwa cha maonekedwe ake.

Chomaliza ndi chitetezo cha membala amene anadandaula uja. Ngati gulu lanu lili kuno ku Malawi, kumbukirani kuti gawo 153 la malamulo a milandu limapereka chilango chofika zaka 14 m'ndende pa kugonana kumene lamulolo limati n'kosemphana ndi chilengedwe, monga kwa amuna okhaokha, ndipo mu June 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linakana kuthetsa malamulo amenewa, pa mlandu umene mmodzi mwa odandaula anali mkazi wa transgender womangidwa ku Mangochi. Pa WhatsApp nambala ya foni ya membala aliyense imaonekera kwa anzake, ndipo munthu amene nkhaniyi ikumukhudza sangayerekeze kudziulula. Choncho musalole aliyense kumufunsa wodandaulayo kuti, "Kodi iwenso ndiwe wotero?" Funso lotero likaponyedwa mulifufute msanga, wolifunsayo mulankhule naye kumbali, ndipo lamulo latsopanolo mulilengeze m'dzina la oyang'anira gulu, osatchula amene anayambitsa pempholo.